Boti lakale la fayiba, tilitani?

Wowotcherera wa ku Chinamwali, ku Zomba: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Mayi wina wandipatsa ntchito yochotsa boti pakhomo pake. Ndi aja othamanga oyendera zosangalala, malemu amuna awo ankapita nalo ku Mangochi. Lakhala pansi pa mango zaka zambirimbiri, mkati mwadzaza masamba ndi madzi a mvula, udzudzu ukuswerana momwemo. Ndi la fayiba, lotalika mamita 5, injini ya Yamaha ikadali kumbuyo. Ogula zitsulo zakutha abwera, aligogoda, akuti ichi si chitsulo, apita. Mnyamata wanga akuti tingolithira petulo n'kuyatsa.

Wokonza maboti a fayiba: Ayi achimwene, musayatse, chonde. Fayiba ndi ulusi wa galasi womangidwa ndi guluu wotchedwa resin. Resin ija ikauma sisungunukanso. Imangoyaka ndi utsi wakuda bii wotsamwitsa, ndipo moto ukazima ulusi wa galasi umatsala m'phulusa. Mphepo ikauwaza, ana oyenda opanda nsapato adzadzikanda mpaka kulira. Ndinaziona ku Monkey Bay, pamalo pomwe anawotchera boti panakhala dazi nthawi yaitali.

Makaniko wa ku Matawale: Musanakhudze gilayinda, yambani ndi thanki. Petulo wokhalitsa mumukhuthulire m'chigubu, thankiyo muichotse ndithu n'kuidzaza madzi, chifukwa mpweya wa petulo umagwira moto ndi kamoto kamodzi kothetheka. Batire musalitsanulire pansi, ogula mabatire akutha amatenga lonse chifukwa cha mtovu uli mkatimo. Injini ndibweretsereni. Ngakhale itagwirana, pulopela, kabuleta ndi giya ya pansi zili ndi msika kunyanja.

Wowotcherera wa ku Chinamwali: Ndamva. Nanga thupi lakelo? Ndimaganiza zokaligulitsa ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa.

Mmisiri wa mabwato wa ku Kachulu: Bambo, kuno musalibweretse. Chilwa ndi nyanja yosaya, pansi pake ndi matope, m'mbali ndi njedza zokhazokha. Boti lanulo pansi ndi losongoka, linapangidwira madzi akuya ndi injini. Athu a matabwa timawakankha ndi nsungwi mpaka pa chilumba cha Chisi. Lanulo likatitimira m'matope alikoka ndani? Mu 2018 nyanja itauma tinaona mabwato atangoti mbwee pouma, a matabwa eni ake anakaphwasula n'kupezapo nkhuni ndi misomali. La fayiba likasiyidwa limangokhala pomwepo, siliwola.

Wokonza maboti a fayiba: Apo mwanena zoona, madala. Achimwene a ku Chinamwali, tengani kahamala kakang'ono muligogode thupi lonse. Pomwe pakulira kuti ngwe ngwe ndi pabwino. Pomwe pakuti phu phu ndiye kuti fayiba yafunduka, madzi analowa. Kumbuyo komwe kumakhala injini kumakhala pulayiwudi mkati, mosakayika yawola. Pansi pomwe amapondapo anthu mutsegule, mupeza siponji yonyowa yolemera kwambiri. Muichotse yonse, boti lipepuka. Podula valani masiki, magalasi ndi malaya a manja aatali, ndipo wina azithira timadzi kuti fumbi lisauluke, koma asamale ndi waya wa magetsi. Mukamaliza sambani madzi ozizira.

Wowotcherera wa ku Chinamwali: Ndagogoda. Kumbuyo kokha ndiko kwawola, kwina konse kukulira bwino. Kuli mng'alu umodzi wotalika ngati chikhato.

Mlimi wa nsomba wa ku Domasi: Ndiye musalidule, bambo. Ine ndikufuna thanki yosungiramo tiana ta makumba tisanapite ku madamu a alimi. Chomwe chimasunga madzi kunja chingawasungenso mkati. Koma ndifunse, pansi anapaka utoto uja woletsa ndere?

Wokonza maboti a fayiba: Funso labwino, mayi, utoto umenewo umakhala ndi kopa ndipo nsomba zazing'ono sizigwirizana nawo. Ukakhalapo uli kunja, tiupala. Chachikulu ndi mkati: mutsuke oyilo yense ndi sopo kangapo. Mng'aluwo ndimata ine ndi resin ndi ulusi, magawo atatu. Ukauma mudzaze madzi, akhale sabata, mutaye, mudzazenso, muyese kaye ndi nsomba zochepa.

Makaniko wa ku Matawale: Zitsulo za sitenilesi ndi aluminiyamu muziike padera, mtengo wake suli ngati wa chitsulo wamba. Siponji ndi zidutswa za fayiba mumange m'matumba, mufunse a khonsolo ya mzinda kokataya. Osati mu mtsinje wa Likangala, zonsezo zimakathera ku Chilwa.

Wowotcherera wa ku Chinamwali: Ndalankhula ndi mayi aja, avomera. Ndalama ya injini ndi zitsulo ndi yawo, thupi apereka kwa mayi a ku Domasi bola alipire galimoto. Loweruka m'mawa tinyamula. Tifunika anthu asanu ndi mmodzi okweza, ndi matayala akutha oyala pansi.

Mlimi wa nsomba wa ku Domasi: Matayala ndili nawo anayi. Galimoto ifika 7 koloko.