Goya ankajambula mafumu chonchi osachotsedwa ntchito?

Mphatso_Art: Abale okonda zojambulajambula tandithandizeni. Ndaona chithunzi cha banja la mfumu Carlos IV ya ku Spain chomwe Francisco Goya anajambula cha m'ma 1800, koma nkhope zake eti, mfumu mimba patsogolo, mfumukazi Maria Luisa nayenso sanamukometse olo pang'ono. Munthu wodyera kunyumba yachifumu angapange zimenezi osapitikitsidwa?

Gogo_wa_Penti: Achimwene ife tikuona ngati chipongwe poti tinazolowera mafilita a pafoni kkkk. Taonetsetsani zovalazo, mamendulo pachifuwa, silika kuchita kung'anima, eni akewo ankafuna zimenezo ndipo anawapatsa. Nthawi imeneyo nkuti atangomukweza kumene mu 1799 kukhala mkulu wa ojambula onse a mfumu. Mpaka anadziika yekha kumbuyo chakumanzere, mumdima, ataima pa kanivasi yake.

NaBanda: Komanso mpandowo sanaupeze lero ndi lero ayi. Mwana wa kumudzi ku Fuendetodos uyu, wobadwa 1746, mpikisano wa ku Academia ya San Fernando, sukulu ya zaluso ku Madrid, analephera kawiri konse, kenako anakwatira Josefa mchemwali wa wojambula Francisco Bayeu ndiye mlamu wakeyo ndi amene anamutsegulira khomo ku Madrid mu 1775, nkuyamba kujambula mapatani oti amisiri aziombera nsalu zokoloweka m'makoma a mafumu. Munthu wovutikira chonchi sangaseweretse ntchito.

Mjomba265: Chipongwe chenicheni chili mu Los Caprichos anthuni, zithunzi 80 zodinda za 1799, atagontha kale makutu ndi matenda aja a 1793. Mmenemo muli bulu akuphunzitsa ana a abulu, bulu wina dokotala akugwira dzanja la wodwala, ansembe nawo sanawasiye. Koma mkuluyu anali wochenjera bwanji, anasiya kuzigulitsa msangamsanga, mu 1803 nkukapereka mapuleti odindira zithunzizo kwa mfumu kuti mwana wake Javier azilandira penshoni. Zithunzi zake za nkhondo ya Napoleon zija, mitembo yopachikidwa m'mitengo, zinadindidwa 1863 mwini wake atamwalira kalekale.

Mphatso_Art: Nanga chithunzi chija cha chimunthu chikudya mwana wake, mfumu inalipiranso chimenecho??

Mjomba265: Ayi ndithu, Saturn ameneyo, mulungu wa m'nthano za Aroma, Goya anamupaka pakhoma la nyumba yake yomwe kunja kwa Madrid, sichinali cha malonda. 1824 anasamukira ku Bordeaux ku France zinthu zitavuta ndi ulamuliro wa mfumu Fernando VII, anamwalira konko 1828. Anthu ena anachita kudzamatula chithunzicho pakhomapo pambuyo pake, pano chili ku Prado, nyumba yoonetserako zojambulajambula ku Madrid.