Mwana wanga akufuna kuvala ngati mfiti pa Halloween, apongozi akana. Ndichite bwanji?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse, makamaka makolo amene muli kuno ku UK. Dzina ndabisa chifukwa achibale ena ali m'gulu momwemuno. Tili ku Glasgow ndi amuna anga ndi ana awiri, mtsikana wa zaka 8 ndi mnyamata wa zaka 5. Chaka chatha tinali alendo, ndiye pa 31 Okutobala tinangozimitsa magetsi n'kukhala duu ngati m'nyumba mulibe anthu, ana akusuzumira pawindo anzawo akudutsa. Chaka chino zimenezo sizitheka. Kusukulu kwachokera kalata ya disco ya Halloween, ndipo anzake a mtsikanayu apangana kale kuti madzulo ake adzayenda khomo ndi khomo. Iyeyo akuti adzavala ngati mfiti, chipewa chosongoka ndi tsache m'manja.

Vuto ndi lakuti apongozi anga ali kuno mpaka Khirisimasi. Atangomva mawu akuti mfiti anaika kapu ya tiyi pansi n'kunena kuti mdzukulu wawo sachita zimenezo iwo ali moyo. Amuna anga tikakhala awiri amati ndi masewera a ana, koma amayi awo akalowa amangoti zii. Inenso mtima wanga suli pamodzi, ndakulira mu CCAP. Koma mwana akulira kuti m'kalasi mwake yekhayo ndiye adzatsala. Anzanga, chikondwererochi kwenikweni n'chachiyani? Inu ana anu mumawalola? Ndipo ngati ndingamulole, zimayenda bwanji kuti ndisachite manyazi pakhomo la eni?

Mayi wa ana atatu, Paisley:
Achemwali, poti muli ku Scotland dziwani kaye kuti kuno mwambo wake ndi wosiyana pang'ono ndi wa pa TV wa ku America. Amautcha guising. Mwana sangogogoda n'kutambasula thumba ayi, amayenera kuchitapo kanthu: kanyimbo, kandakatulo, kapena nthabwala. Agogo a kuno amaima pakhomo kudikira kuti mwana amalize asanamupatse maswiti. Wanga wachiwiri anaimba nyimbo ya Chichewa ya ku Sande Sukulu pakhomo la agogo ena, anawaitana amuna awo kuti adzamve, mpaka lero timapatsana moni tikakumana pa basi. Mumsewu wathu uno anthu ambiri ndinawadziwa usiku umenewo, masiku ena onse aliyense amangotseka chitseko chake.

Lamulo lalikulu ndi limodzi. Mumagogoda pa nyumba yokhayo imene aika dzungu loyaka kapena zokongoletsa panja. Nyumba ya mdima, kapena imene amata chikwangwani choti safuna kusokonezedwa, mumaidutsa. Ena ndi okalamba okhala okha, amaopa.

Bambo wina, Luton:
Mayi, musanyengedwe. Kuwala ndi mdima siziyanjana. Mwana wa Mkhristu kuvala zigaza, mizukwa ndi ufiti n'kumati ndi masewera? Kwathu anthu amathamangitsidwa m'midzi chifukwa cha dzina limeneli, inu mukufuna kuligula mu shopu n'kumuveka mwana. Apongozi anu akunena zoona. Anga amadziwa kuti tsiku limenelo timapita kutchalitchi, basi.

Namwino wa ku Derry:
Ndiyankhe funso loyamba lija, poti ine ndikukhala kumene zinachokera. Anthu akale a ku Ireland ndi Scotland anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, cha kutha kwa zokolola ndi kuyamba kwa nyengo yozizira. Ankasonkha moto waukulu, ndipo ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu imayandikira kwa amoyo. Kenako mpingo unaika tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 Novembala ndi lokumbukira akufa pa 2 Novembala, ndiye Halloween ndi madzulo otsogolera masiku amenewo. Ziwirizi zinasakanikirana kwa zaka mazana ambiri moti lero kuzilekanitsa n'kovuta. Amene akuti ndi zachikunja ali ndi pogwira, amene akuti ndi za mpingo alinso ndi pogwira.

Maungu ndi a ku America. Kuno kale ankasema turnip, chomera chokumbidwa pansi ngati mbatata, cholimba moti mpeni umapindika, n'kuikamo kandulo. Anthu a ku Ireland atasamukira ku America ambirimbiri nthawi ya njala ya m'ma 1840 anakapeza maungu ofewa, ndipo mwambowo unabwereranso kuno utavala za ku America. Kuno ku Derry mzinda wonse umavala, kuli zionetsero mumsewu ndi makombola pa mtsinje wa Foyle, ndipo ambiri mwa ovalawo Lamlungu mumawapeza ku Misa. Chimene ine ndimachikonda ndi buledi wotchedwa barmbrack, wa mphesa zouma, amene amabisamo mphete. Woipeza amati ndiye adzayamba kukwatiwa. Ku ward timadula chaka chilichonse, ine mpheteyo imandilambalala.

Bambo wina, Luton:
Ndiye mwavomereza nokha kuti munali za mizimu.

Namwino wa ku Derry:
Ndavomereza, bambo, sindinabise. Ndangoti ana amene amagogoda pakhomo langa amafuna chokoleti, palibe amene amapembedza kanthu. Chisankho ndi cha mayiwa.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ife kuno tikulimbana ndi kutentha kwa Okutobala inu mukukangana za maswiti. Koma chondipweteka ine ndi maungu. Dzungu lathunthu kulisema nkhope n'kulisiya panja liwole? Agogo anga atamva angadwale.

Mayi wa ana atatu, Paisley:
Kkkk achimwene, maungu osemawa musawasirire, ndi amadzimadzi opanda kukoma, sangafanane ndi a kwathu. Ine nthanga zake ndimakazinga ndi mchere, za m'kati ndimaphika supu. Nkhwani ndiye musayembekeze, amagulitsa dzungu lokha.

Mphunzitsi wothandizira, Edinburgh:
Ndimagwira ntchito ku pulayimale, ndiye ndinene za kusukulu. Disco ija si yokakamiza, ndipo palibe lamulo loti mwana avale zoopsa. M'kalasi mwathu mumadzaza amphaka, madokotala, mafumukazi, ozimitsa moto, ngakhale wina wovala ngati nthochi. Mabanja achisilamu, a Mboni za Yehova ndi Akhristu ena sachita nawo, aphunzitsi anazolowera, mukawauza sadabwa. Koma kunena mosabisa, mwana wa zaka 8 amaona kuti wasiyidwa. M'mawa mwake nkhani m'kalasi imakhala yomweyo tsiku lonse.

Ine ndikuona kuti chakhumudwitsa apongozi anu ndi ufitiwo, osati tsikulo. Mwana wanu akamati mfiti akuganiza za mkazi wa m'katuni wokwera tsache, pomwe agogo ake akumva za maliro ndi milandu ya kwa amfumu. Awiriwa sakukamba chinthu chimodzi, ndipo aliyense sakudziwa chimene mnzake akuona. Khalani naye pansi mtsikanayo mumufotokozere chifukwa chake agogo achita mantha, pa msinkhu umenewo amamva. Kenako asankhe yekha chovala china. Musamusankhire, angachikane.

Mayi wachikatolika, Manchester:
Ife pa 1 Novembala ana amavala ngati oyera mtima kuparishi, pa 2 timapempherera makolo athu amene anatisiya. Madzulo a pa 31 ndimawalola kuyenda ndi anzawo koma za magazi ndi ziwanda ayi. Komanso mipingo yambiri kuno imachita Light Party tsiku lomwelo, kuli masewera, nyimbo ndi maswiti omwewo popanda zoopsa. Funsani ku Church of Scotland kapena ku Baptist ya pafupi nanu. Apongozi mukhoza kupita nawo.

Mkulu wa mpingo, Leeds:
Poti mwati ndinu a CCAP, kumbukiraninso kuti 31 Okutobala ndi tsiku limene timakumbukira Martin Luther ndi mfundo zake 95 za mu 1517. Ine kwanga sitichita Halloween, koma wogogoda sitimubweza. Timaika mbale ya maswiti pakhomo. Mwana wa mnansi akabwera ndi mlendo, ndipo mlendo sathamangitsidwa chifukwa cha malaya ake. Za mwana wanu sindikulamulani, koma ndikupempha kuti amuna anu asabisale kumbuyo kwanu. Amayiwo ndi awo, akambe nawo okha. Mukakamba inu zidzaoneka ngati mtengwa akuphunzitsa ana kunyoza agogo.

Mtsikana wina, Johannesburg:
Mfundo ya a mkulu a mpingo ndiye yeniyeni. Nkhani apa si Halloween, nkhani ndi abambo amene akuti zii.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse ngakhale za bambo a ku Luton, ndipo sindikuzitaya. Za amuna anga mwalasa, usiku uno ndiwaonetsa zimene mwalembazi. Mwana ndakamba naye pobwera kusukulu. Anadabwa kwambiri kumva kuti kwathu munthu amatha kumenyedwa chifukwa chomuganizira ufiti, anafunsa ngati agogo anaonapo zotere. Ndamuuza akawafunse yekha mwaulemu. Pakali pano akuti mwina mphaka wakuda, ndamuuza kuti nayenso mphaka wakuda agogo sangamulandire bwino, ndiye tikuganizabe. Mnyamatayo alibe vuto, akufuna kukhala dinosaur.

Funso lina kwa a ku Paisley: amayamba nthawi yanji, ndipo makolo timapita nawo? Nanga ife tikaika dzungu panja, maswiti tigule ochuluka bwanji?

Mayi wa ana atatu, Paisley:
Mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndiye pa 31 dzuwa limakhala litalowa 5 koloko isanakwane. Ang'onoang'ono amayamba kukangoda, pofika 8 koloko ambiri alowa. Wa zaka 8 ndi wa zaka 5 musawasiye okha, pitani nawo koma muziima pa geti, iwo azigogoda. M'nyumba ya munthu asalowe. Avale juzi m'kati mwa chovalacho chifukwa kuzizira kwake si kwamasewera, ndipo mvula ya ku Glasgow mukuidziwa kale. Tengani tochi.

M'dzungu musaikemo kandulo yeniyeni, zovala za mu shopuzi zimagwira moto msanga. Gulani timakandulo ta batire, n'totchipa. Maswiti gulani okulungidwa limodzilimodzi, zophika nokha ngati mandasi makolo ambiri salola ana kudya, komanso pewani za mtedza chifukwa ana ena zimawadwalitsa. Matumba awiri aakulu kwa ife amakwana, koma funsani a nyumba yoyandikana nanu, misewu imasiyana. Akatha ingolowetsani dzungulo m'nyumba, kugogoda kumatha pompo.

Ndipo achenjezenitu apongozi za pa 5 Novembala. Kudzaphulika makombola usiku wonse pokumbukira Guy Fawkes amene anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu 1605. Amayi anga chaka chawo choyamba anayesa nkhondo yayamba, anayamba kufunafuna pasipoti.

Mphunzitsi wothandizira, Edinburgh:
Kusukulu kukakhala masewera otola maapozi ndi mano m'beseni la madzi, mutumizireni malaya ena osinthira. Amabwerako atanyowa mpaka m'chiuno.