Funso la "tsiku lonse osadya" latisokoneza pa pretest

Supavaiza wa ku Dedza: Akuluakulu mwadzuka bwanji, ndabwera ndi vuto mundithandize. Sabata yatha tinali pa pretest (kuyeserera mafunso survey yeniyeni isanayambe) ya questionnaire ya makomo m'midzi iwiri kuno ku Dedza, makomo 24. Mu fomumo muli mafunso 8 aja a FIES, sikelo yoyezera kusowa kwa chakudya ya FAO (bungwe la UN loona za chakudya ndi ulimi), tikufunsa za masiku 30 apitawa. Ndiye chandizunguza mutu ndi ichi, funso lomaliza lija loti munakhalapo tsiku lonse osadya makomo 17 ayankha eya, pomwe funso loti munadumphapo chakudya ayankha eya ndi 11 okha. Zingatheke bwanji munthu kutandala tsiku lonse ndi njala koma n'kukana kuti sanadumphe chakudya? Abwana ku ofesi akuti ana anga, ma enumerator ofunsa mafunsowo, amangodina za m'mutu ali pansi pa mtengo, koma ine ndinakhala nawo pa ma interview angapo ndipo amawerenga ndendende zomwe zili pa tabuleti. Training ya timu yonse ndi Lolemba likubwerali.

Mayi wa ma data: Achimwene tiponyereni kaye mawu ake enieni momwe alembedwera m'Chichewa, onse awiri

Supavaiza wa ku Dedza: Lachinayi likuti "Kodi munadumphapo chakudya chifukwa chosowa ndalama?" Lomaliza likuti "Kodi munakhalapo tsiku lonse osadya?" Anatanthauzira ndi munthu wodziwa ntchito yake, tinachitanso back translation (kubwezera Chichewacho m'Chingerezi) ndipo Chingerezi chinabwerera bwinobwino momwe chinalili

Madala wa ku Zomba: Mwana wanga vuto lako lili pa mawu oti osadya. Kumudzi munthu akati lero sitinadye akutanthauza kuti mphika wa nsima sunakhale pamoto. Atha kukhala kuti m'mawa anamwa phala, masana anaphika maungu kapena mbatata, ana anatola mango, koma ukamufunsa ngati wadya akuuza ndi mtima woona kuti ayi, ndipo sakunama. Ngakhale ife a m'tauni tikadya mpunga ku ukwati timakafika kunyumba n'kumati tagona ndi njala. Back translation singagwire zimenezi chifukwa mawuwo ndi olondola, chomwe chasiyana ndi chomwe mayi uja akumva m'khutu mwake.

Mayi wa ma data: Zoona madala. Komanso manambalawo akunena okha. Mafunso a FIES aja anasanjidwa kuyambira pa chopepuka, kuda nkhawa kuti chakudya chitha, mpaka chowawitsitsa chomwe ndi tsiku lonse osalawa kanthu. Ndiye lomalizalo limayenera kukhala ndi ma eya ochepa kuposa anzake onse. Likaposa lachinayi dziwani kuti funso lamveka mwina, ndipo mukapita nazo choncho ku analysis Rasch model ija, njira yowerengera yomwe amayezera mafunso a FIES, ikakuwonetsani kuti funsolo silikugwirizana ndi anzake, pamenepo ndalama za filudi zitapita kale

Enumerator wa ku Mangochi: Ine ndiyankhuleko ngati woyenda ndi tabuleti. Kudumpha chakudya ndi chani abwana? Timadumpha ngalande, timadumpha chingwe. Nditawerenga funso ngati limenelo pa ntchito ina agogo ena anandiyang'ana n'kunena kuti ayi mwanawe, chakudya sitidumpha ndi mwano umenewo kkkk. Ndiye 11 wanuyo mwina ndi wochepa chifukwa anthu sanamve, pomwe 17 wachuluka chifukwa amva za nsima. Onse awiri ndi odwala

Supavaiza wa ku Dedza: Eish, za kudumphazo sindinaziganizire. Tinazolowera kumva mu ofesi mpaka zimamveka ngati Chichewa

Madala wa ku Zomba: Tchulani zakudyazo ndi maina ake. Kadzutsa, nkhomaliro, mgonero. Koma samalaninso apa, makomo ambiri amadya kawiri chaka chonse, kadzutsa samuwerengera n'komwe, ndiye funso lizifunsa za chakudya chomwe amadya nthawi zonse koma tsiku limenelo analephera

Wa ma fomu a Kobo (pulogalamu ya mafomu a pa tabuleti): Ine ndili ndi mantha pang'ono. FIES ndi sikelo yomwe mayiko ambiri amagwiritsa ntchito, ndiyonso imodzi mwa zomwe amayezera SDG 2, cholinga cha UN chothetsa njala. Tikayamba kuwonjezera maungu ndi mbatata si tisokoneza kufananiza ndi ma survey ena? A donor akhoza kutibweza

Mayi wa ma data: Ayi achimwene, chomwe chiyenera kufanana m'mayiko onse ndi tanthauzo, osati mawu. Eni ake a sikeloyo amalimbikitsa kuti funso likonzedwe mogwirizana ndi chiyankhulo ndi chikhalidwe cha komwe mukufunsa. Panopa ndi pomwe simukufanana ndi wina aliyense, chifukwa ena akuyeza kusadya konse inu mukuyeza kusowa ufa. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuchotsa funso, kusintha ndondomeko yake kapena kuika skip yodumphitsa mafunso ena pakati pawo, onse 8 afunsidwe kwa aliyense. Ndaonanso kuti funso lanu lomaliza lataya mchira uja woti chifukwa chosowa ndalama kapena njira ina yopezera chakudya. Mchira umenewo uzikhala pa funso lililonse ngakhale ukutopetsa kuwerenga

Enumerator wa ku Mangochi: Apo pokha ndikuvomereza ndi manja awiri. Kuno mukafunsa nthawi ya Ramadan opanda mchira umenewo mudzi wonse ukuyankhani eya. Enanso a m'matchalitchi amasala kudya, wina anadwala malungo sanafune chakudya, wina anali pa ulendo

Achemwali a ku Mzimba: Ndalowa mochedwa koma pali china chomwe simunachione. "Munakhalapo" ameneyu akuloza ndani? M'Chichewa inu ndi ulemu kwa munthu mmodzi, inu yemweyo ndi gulu. Mayi wina ayankha za iye yekha poti anasiyira ana chakudya, wina ayankha za khomo lonse. Sankhani chimodzi. Ngati survey ndi ya makomo nenani kuti inuyo kapena wina aliyense wa pakhomo pano, ndipo pakhomo pano akhale omwe munawalemba pa roster (mndandanda wa anthu a pakhomo), ogona pamodzi n'kumadya za mphika umodzi monga amachitira a National Statistical Office (NSO) mu survey yawo ya makomo ya IHS. Mawu oti banja apeweni, kwathu kuno mukati banja akuwerengerani mpaka ali ku Joni, ndiye pa mitala ndi pomwe zimavuta zedi bambo mmodzi kulembedwa makomo awiri

Supavaiza wa ku Dedza: Ndi ya makomo achemwali. Roster tinaifunsa bwino za mphika umodzi koma pofika ku FIES tinangoti mu mu mu

Madala wa ku Zomba: Ndifunseko, midzi imeneyo munalowamo bwanji? Anthu anauzidwa kuti mukudzatani?

Supavaiza wa ku Dedza: Tinadzera kwa amfumu monga mwa mwambo, iwo anatuma mnyamata kukauza makomo. Tikufika tinapeza ena atatulutsa kale ziphaso zawo za unzika

Madala wa ku Zomba: Ndiye vuto linanso limenelo. Munthu akatulutsa chiphaso musanamufunse ndiye kuti akuganiza kuti mukulemba maina a Mtukula Pakhomo kapena a chimanga cha thandizo, ndipo February uno ndi mwezi wa njala ndani angayankhe kuti kwathu zili bwino. Sindikuti anthu ndi abodza, njalayo ilipodi, koma funso lomwe likumveka lolemera ndi lomwe aliyense amafuna kuvomera. Mu consent muja, mawu opempha chilolezo cha wofunsidwa, lembani poyera kuti sitikulemba maina a thandizo lililonse ndipo mayankho anu sasintha kanthu pa zimenezo, enumerator aziwerenga mokweza osati kung'ung'udza. Amfumunso muwauze mawu omwewo, mthenga wawo ndi amene amawonjezera mchere

Mayi wa ma data: Musanafike Lolemba chitani ichi, tsiku limodzi likwana. Tengani makomo 8 kapena 10 m'mudzi wina womwe simunapiteko, musafunse questionnaire yonse, mafunso 8 okhawo. Akayankha musathamangire lotsatira, funsani kuti tandiuzeni za tsiku limenelo, mutadzuka munalawa chani, nanga masana, nanga ana. Kenako muwapemphe abwereze funsolo m'mawu awo. Mmodzi azifunsa wina azilemba pa pepala zomwe akunena. Imeneyo ndiye cognitive interview, pretest yanu ija inangoyesa ngati tabuleti ikuyenda ndi mphindi zomwe interview ikutenga. Musakanikize amayi ndi abambo, okalamba ndi achinyamata

Supavaiza wa ku Dedza: Chabwino taonani izi. Lachinayi: "Pa masiku 30 apitawa, kodi inuyo kapena wina aliyense wa pakhomo pano analepherapo kudya kadzutsa, nkhomaliro kapena mgonero womwe amadya nthawi zonse, chifukwa chosowa ndalama kapena njira ina yopezera chakudya?" Lomaliza: "Pa masiku 30 apitawa, kodi linalipo tsiku lomwe inuyo kapena wina aliyense wa pakhomo pano anakhala kuyambira m'mawa mpaka kukagona osalawa chakudya cha mtundu uliwonse, kaya nsima, phala, mbatata, maungu kapena zipatso, chifukwa chosowa ndalama kapena njira ina yopezera chakudya?"

Enumerator wa ku Mangochi: Latalika koma likumveka. Mpweya ukuthera pa maungu kkkk. Muwaphunzitse kupumira pa koma, apo ayi azidula okha mchira uja. Ndipo ngati mufika kuno kapena Machinga lembanitu la Chiyao, musasiyire enumerator kutanthauzira pakhonde aliyense mwake

Achemwali a ku Mzimba: Chitumbukanso chimodzimodzi, kumeneko sima ndi nkhani yomweyo

Wa ma fomu a Kobo: Chabwino mwandigonja. Mu XLSForm, fayilo ya Excel yomwe timapangira fomu, chiyankhulo chilichonse chikhale ndi column yake ya label, enumerator azingosintha pa menyu. Ndingakuikireninso note yomwe izituluka lomaliza likakhala eya pomwe lachinayi ndi ayi, yongomuuza kuti abwereze funso. Constraint ayi, imeneyo imatseka njira ndiye ana amangosintha yankho kuti fomu ipitirire

Mayi wa ma data: Note yomweyo, ndipo yankho likabwera lomwelo alisiye choncho

Supavaiza wa ku Dedza: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi abwana avomera galimoto Lachisanu, tipita anthu anayi mbali ya ku Linthipe. Achimwene a Kobo ndikutumizirani fomu madzulo ano. Mu gawo la ulimi mulinso funso la zokolola lomwe lili ndi matumba a 50 kg okha pomwe anthu amayankha ngolo ndi ndowa, china chosatonola, limenelo ndibwera nalo Loweruka

Madala wa ku Zomba: Ukabwere ndi zithunzi za ndowazo, kukula kwake sikufanana