Thandizeni nzeru, foni yandisinthira mwana

Membala wobisa dzina:
Mwaswera bwanji abale anga a pa gulu lino. A admin chonde dzina langa lisaoneke, pa msika pomwe ndimagulitsa mlamba wowamba anthu amandidziwa. Lero ndi tsiku lachitatu nsima isakutsika kukhosi chifukwa cha mwana wanga wamkazi.

Foni anamubweretsera ndi mlamu wanga wa ku Joni pa Khirisimasi, osandifunsa ine mayi wake. Mlamu yemweyu ndi amene anatikongoza ndalama ya malata Freddy atatigwetsera nyumba mu 2023, ngongoleyo sitinamalize, ndiye pakhomo pano chimene wanena iye chimakhala chomwecho. Bambo a mwanayu ali ku nzimbe, amabwera Loweruka madzulo atatopa, ndikayamba nkhaniyi amangoti zimenezo n'za azimayi. Apongozi nawo akuti ndikuchita nsanje chifukwa yanga ndi ya mabatani. Apongozi omwewa anandigulitsira mbuzi chaka chatha osandiuza, mpaka lero ndalama yake sindinaione.

Ndi kutenthaku tonse tikugona panja pa mikeka. Ndikadzidzimuka pakati pa usiku ndimaona kuwala mkati mwa chitenje chimene wafunda, udzudzu ukumuluma miyendo iye osamva. Ndikangotsokomola kuwala kuja kumazima. Akapita kukatchajitsa kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola amatha maola awiri, pomwe ndi pafupi pomwepa. Sabata yatha ndapeza mafuta odzola ndi masilipasi atsopano m'chikwama cha makope, akuti wamupatsa ndi mnzake. Dzana anaiwala foni pa mtondo popita ku mjigo isanadzitseke, ndinaitenga. Zimene ndinaona manja anachita kunjenjemera, ndinaibwezera pomwepo. Iye sakudziwa kuti ndinaona.

Ndichite chiyani abale? Ndilande? Ndikaponye mu Shire? Ndiwauze bambo ake Loweruka lino? Ndikuopa akhoza kumuvulaza.

Nabanda wa ku Bangula:
Pepani kwambiri mayi. Koma mwafotokoza za malata ndi mbuzi, chenichenicho simunanene. Mwanayo ali ndi zaka zingati? Amene akulemberana nayeyo ndi mwana mnzake kapena ndi munthu wamkulu? Nkhani yagona pamenepo.

Aphunzitsi opuma, Ngabu:
Mayi, musataye nthawi. LANDANI FONIYO LERO. Ine ndagwira choko zaka 31 kuno ku chigwa, ndaphunzitsa pansi pa mtengo dzuwa likuswa mtengo, ana ankakhoza kupita ku sekondale opanda foni. Mwana wa sukulu foni ya chiyani? Ali ndi bizinesi? Ali ndi antchito oti aziwaimbira? Makolo a lero mukuopa ana anu omwe. M'mera mpoyamba. Mwalekerera kuyambira pa Khirisimasi, lero mukudabwa mafuta odzola. Kwathu foni imagona m'chipinda mwanga, adzukulu onse amadziwa.

Wa kabaza pa Nchalo:
Musaponye mu Shire mayi, ng'ona zingayambe TikTok nazonso. Bweretsani kuno ndigule, yanga inasweka galasi.

Mayi a mapasa:
Inu a kabaza, munthu akulira inu mukuseka. Mwina ndinu omwe mumawanyamula ana athu ulere n'kumawapempha manambala.

Wa kabaza pa Nchalo:
Aaa mayi, ine ndili pa banja, ana awiri. Musatiphatikize tonse.

Mnyamata wokonza mafoni, Dyeratu:
Aphunzitsi, mwaulemu, kulanda kokha sikuthandiza. Tsiku ndi tsiku ndimawaona ana olandidwa mafoni akubwereka ya mnzawo n'kulowa pa Facebook yawo yomweyo. Akaunti sikhala mu foni. Mayi, chachikulu musafufute kalikonse. Mukaipezanso, tengani screenshot ya mauthenga, nambala ndi chithunzi cha munthuyo, kapena kungolemba nambalayo pa pepala. Ngati ankamutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, yang'anani mu ma meseji, kawirikawiri dzina la wotumiza limakhalapo. Fulumirani, chifukwa pa WhatsApp pali njira yoti mauthenga azizimiririka okha pakatha maola 24.

Aphunzitsi opuma, Ngabu:
Mwana wanga, iwe ukudyera momwemo, ungavomere kuti mafoni alandidwe? Ndi anyamata inu amene mumawaikira ana zithunzi zolaula mu memory card pa mtengo wa zitumbuwa. Ndikunena zimene ndaona ndi maso.

Mnyamata wokonza mafoni, Dyeratu:
Ena amachitadi, ine ayi. Koma nkhani pano si ine madala.

Bambo a ku Makhanga:
Mafoniwa atipweteka tonse. Ine mwezi wa June, nditangogulitsa thonje, kunabwera meseji yoti ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Tsiku lomwelo ndinalonjeza kutumizira mphwanga ndalama ya mbewu, ndiye ndinangoti ndi iye wasintha nambala. Ndinawoloka pa bwato mpaka kwa ejenti, K45,000 yonse inapita. Kuimba nambala ija, yazimitsidwa. Mpaka pano mayi a kunyumba sakhulupirira, amati ndinamwera. Ngati ine wa imvi anandipusitsa, kuli bwanji mwana?

Achemwali a ku Fatima:
Tiyeni tigwade. Iyi ndi mizimu ya masiku otsiriza. Mayi salani kudya masiku atatu, foniyo mupite nayo kwa abusa akaipempherere.

Nabanda wa ku Bangula:
Kupemphera tipemphere ndithu, koma foniyo isazungulire m'manja mwa anthu. Ngati muli zithunzi za mwanayo, aliyense amene waona ndi m'modzi wowonjezera amene akamunene ku mjigo. Ndipo musatumizire aliyense, ngakhale mlamu wanuyo, ngakhale pa gulu lino. Kufalitsa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ngakhale cholinga chanu chikhale chabwino. Imbani 116, ndi nambala yaulere ya Tithandizane yothandiza ana, amayankha ndi a YONECO. Simufunika mayunitsi. Ku polisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, osafotokoza nkhani yonse pa kauntala anthu akumva.

Aphunzitsi opuma, Ngabu:
Apolisi pa nkhani ya m'nyumba? Ndiye ankhoswe ndi anamkungwi ntchito yawo n'chiyani? Kale mwana akayamba mwano ankamutengera kwa azakhali, masiku awiri wabwerera ali wowongoka. Ufulu wa ana umenewu ndi umene wationongera dziko. Mwana ukamukhudza pang'ono akuti ndikakunenezani. Mayi, auzeni bambo ake, ndi mutu wa banja. Kakwapu kamodzi sikanaphepo munthu.

Nabanda wa ku Bangula:
Aphunzitsi, ndimakulemekezani, koma apa mwalakwa. Mwana wa mchemwali wanga anamenyedwa chonchi pa nkhani yomweyi. M'mawa kutacha pamkeka panalibe munthu. Tinamufunafuna sabata ziwiri, tinakamupeza kutsidya ku Mozambique kwa bambo yemwe ankamutumizira bandulo uja. Munthu wotereyu amayamba wamuuza mwana kuti makolo ako akadziwa akupha, ndine ndekha wokukonda. Inu mukamumenya mwamutsimikizira mawu akewo. Wolakwa ndi wamkuluyo, kwapu ipite kumeneko.

Aphunzitsi opuma, Ngabu:
Ameneyo anali kale ndi mtima wothawa. Musanamizire kwapu.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse amene mukuyankha. Ena mukundilembera kuti ndimadana ndi mlamu wanga, ayi, sindidana naye, kungoti akanayamba wandifunsa. Za mbuzi ndanena chifukwa ndi mmene amandionera pakhomo pano, mawu anga alibe ntchito. Mwanayu ndinavutika naye, nthawi ya madzi tinakhala naye ku kampu miyezi iwiri tikugona m'kalasi, sanandivutepo. Ndi mwana waulemu, amandithandiza kuwamba nsomba. Sindikudziwa chalowa n'chiyani.

Mayi a mapasa:
Mayi, funso lija simunayankhebe. Zaka zingati?

Ankolo a ku Marka:
Ngati nambalayo ikuyamba ndi +258 ndi ya ku Mozambique. Kuno ku malire ambiri ali ndi ma SIM a Movitel, ndiye musadabwe. Ikayamba ndi +27 ndi ya ku Joni, pamenepo mufunse bwino anzake a mlamu wanuyo.

Wa kabaza pa Nchalo:
Ankolo mwayamba kuloza zala mlamu, muphwasula banja la eni ake.

Ankolo a ku Marka:
Sindinatchule mlamu, ndati anzake. Werengani bwino.

Mayi wa salaula, Nsanje Boma:
Inu mukungonena za atsikana, anyamata mwawasiya. Wanga wa Form 2 ndi kubetcha mpira pa foni. Ndalama ya mayeso ndinamupatsa m'manja, anakaika pa matimu a ku England, yonse inapita. Ndinadziwa atabwera aphunzitsi ake kunyumba. Anagwiritsa ntchito nambala yanga yomwe, PIN anaionera ndikutumiza ndalama ya belo. Panopa ndinasintha PIN, ndipo ndikamalemba ndimatembenuka. Azimayi anzanga, PIN si ya ana, ngakhale akhale okuwerengerani ma meseji.

Aphunzitsi opuma, Ngabu:
Mwamva? Zimene ndikunena zija. Wina zibwenzi, wina juga. Boma liletse mafoni kwa aliyense amene sanamalize Form 4, basi. Ndinanenapo izi pa msonkhano wa makolo, anthu anandiseka. Lero ndi izi. Ndipo ma vidiyo show aja atsekedwenso, ana akuthawa m'kalasi n'kukakhala mu mdima masana dzuwa lili pamutu.

Mnyamata wokonza mafoni, Dyeratu:
Funso lina mayi. SIM ili mu foniyo inalembetsedwa pa chiphaso cha ndani? Kuyambira 2018 SIM iliyonse imafuna kulembetsa, ndipo chiphaso cha unzika munthu amatenga akakwana zaka 16. Ngati si inu kapena bambo ake amene munalembetsa, alipo anamugulira. Komanso Facebook, TikTok ndi WhatsApp malamulo awo amati munthu akhale wa zaka 13 kupita m'tsogolo, ana amangonamiza chaka chobadwa. Nkhani ikatha, ngati foniyo mumusiyire, pali app ya Google yotchedwa Family Link, imatseka foni ya mwana nthawi ya usiku ndipo sangaike app popanda inu kuvomera. Vuto lake imafuna kuti kholo likhalenso ndi foni ya touch. Pa WhatsApp lowani pa Privacy, musinthe kuti chithunzi chake azichiona okhawo amene ali mu foni mwake, ndiponso asamaikidwe m'magulu ndi anthu osawadziwa.

Achemwali a ku Fatima:
Zonsezo popanda Mulungu n'zachabe.

Namwino wina:
Ndiwonjezere chimodzi chimene palibe wanena. Ngati mukukayikira kuti anakumanapo ndi munthuyo, musadikire Loweruka. Pitani naye ku chipatala. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Mukamalankhula naye musayambe ndi "ndaona zonse". Mutengeni poti muli awiri, kaya ku dimba, mumuuze kuti simumumenya ndipo mukufuna kumuthandiza. Ena mwa anthuwa akalandira chithunzi chimodzi amayamba kuopseza kuti tumiza china kapena ndalama, ukakana ndimwaza. Mwina kusagona mukukuonako ndi mantha. Ngati zili choncho musalipire kanthu, akalandira kamodzi amabweranso.

Bambo a ku Makhanga:
Zoona, amabweranso. Ine aja anandiimbiranso mwezi wotsatira ndi nambala ina, akuti ndawina njinga yamoto.

Aphunzitsi opuma, Ngabu:
Anamwino, mwana akapalamula tizimunyengerera ku dimba? Ndiye mawa adzaopa chiyani? Ine ana anga asanu ndi awiri ndinawalera ndi mwambo, onse ali pa ntchito.

Nabanda wa ku Bangula:
Aphunzitsi, ana anuwo anakula kulibe WhatsApp. Ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wamkulu amene akumugulira mafuta odzola mwana wa sukulu akudziwa chimene akuchita. Mayi, za zaka za mwanayo takufunsani kawiri. Ngati simukufuna kunena pano, kanenani ku 116, koma kumeneko mukanene zonse.

Admin:
Amene mukupempha nambala ya munthuyo kuti "mumuone", ndafufuta ndemanga zanu. Pano sitiika nambala kapena chithunzi cha munthu. Amene mukutsatsa mafoni pansi pa nkhani ino ndikuchotsani.

Membala wobisa dzina:
Takhuta abale. Nambala ndalemba pa chikutiro cha buku la ngongole, ikuyamba ndi 09, ya konkuno. Ndinayesa kuimba 116 koma apongozi anali pafupi ndiye ndinadula, ndiyesanso mawa ndikafika ku msika. Panopa mwanayu akundipempha ndalama yotchajitsira, akuti batire yatha ndipo pali homuweki imene mnzake amutumizire. Ndimupatse kapena ndimukanize? Bambo ake akubwera mawa madzulo.

Aphunzitsi opuma, Ngabu:
OSAMUPATSA. Homuweki imalembedwa pa bolodi.

Mnyamata wokonza mafoni, Dyeratu:
Kaitchajitseni nokha mayi, mukhale pomwepo mpaka idzaze. Ikazima osayakanso, mauthenga aja simuwajambula.

Mayi a mapasa:
Ndipo kwa ometa tsitsi kuja mukaone amene amakhalako maola awiri amenewo.