Ndithandizeni pa makalata a Banneker ndi Jefferson

Akuluakulu odziwa mbiri ya America, ndabwera ndi funso. Ndikukonza phunziro la ana a sukulu ya sekondale pa makalata amene anthu ophunzira a kumeneko ankalemberana dziko lawo litangoyamba kudzilamulira.

Pa 19 Ogasiti 1791, Benjamin Banneker, munthu wakuda wa ku Maryland amene sanali kapolo, analembera Thomas Jefferson, mmodzi wa atsogoleri amene anayambitsa dziko la America, ndipo anamutumiziranso buku lake la kayendedwe ka nyenyezi lolembedwa pamanja. Anamudzudzula mosabisa kuti akulalikira za ufulu chikhalirecho akusunga akapolo. Jefferson anayankha mwaulemu pa 30 Ogasiti, natumiza bukulo kwa Condorcet, katswiri wa masamu wa ku Paris, ngati umboni wa nzeru za anthu akuda. Koma mu 1809, polembera mnzake Joel Barlow, Jefferson yemweyo anachepsa nzeru za Banneker, n'kuganizira kuti wina wa banja la Ellicott, loyandikana ndi Banneker, anamuthandiza masamu. Ine ndikuona kuti kalata yachiwiriyi ndiyo ikuonetsa zimene zinali mumtima mwake, chifukwa ankalembera mnzake, Banneker atamwalira kale mu 1806.

Kodi inu mukuiona bwanji? Ulemu wa mu 1791 uja unali chabe mwambo wa kalembedwe ka mabwana a nthawi imeneyo, kapena maganizo ake anasintha m'zaka 18 zimenezi? Makalata onsewa ndawapeza pa webusaiti ya Founders Online, koma Chingerezi chake n'chakale komanso cholemera. Alipo amene anawaphunzitsapo ana a Fomu 3 kapena 4? Munawafupikitsa motani osataya ukali wa mawu a Banneker?