Zotsatira za funso langa la miyezo ya zitseko

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pamene ndinafunsa mmene ndingasinthire mamilimita a pa pulani ya nyumba kukhala mafiti ndi mainchesi, popeza kalipentala wachikulire wa ku Glen View, mumzinda wa Harare, amene akundipangira zitseko anazolowera miyezo yakale.

Ndinatsatira malangizo a bambo amene anati ndiyambe ndagawa mamilimita ndi 25.4 kuti ndipeze mainchesi, kenako ndigawe mainchesiwo ndi 12, popeza fiti imodzi ili ndi mainchesi 12. Chitseko cha mamilimita 2032 m'litali chinakhala mainchesi 80, kutanthauza mafiti 6 ndi mainchesi 8, ndipo mulifupi mwake mwa mamilimita 813 munakhala mafiti 2 ndi mainchesi 8. Zitsekozo zalowa bwino m'mafelemu, sizinafunike kupalidwa.

Njira ina imene ena munatchula, yogawa mamilimita ndi 304.8 kuti mupeze mafiti mwachindunji, ndi yolondola ndithu, koma kwa ine ndi yosokoneza. Pa mamilimita 2032 aja, kakyuleta imaonetsa 6.67, ndipo munthu wopupuluma angaganize kuti ndi mafiti 6 ndi mainchesi 7, pamene 0.67 imeneyo iyenera kuchulukitsidwa ndi 12 kuti ipereke mainchesi 8. Wopita kwa kalipentala alembe miyezo yonse iwiri papepala limodzi.