Zikwama za zigamba pamsika wa Ulongwe, tigule kapena ayi?

Nabanda: Amayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Pali telala wina pamsika wa Ulongwe, kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, akusoka zikwama zapaphewa ndi tizidutswa totsala ta zitenje. Kukongola kokha nzokongola, koma akuti chimodzi 350 meticais. Ndigule?

Make Chisomo: Iii 350? Nsaluzo anagula kuti? Si zotsala za makasitomala zimenezo? Ndalama imeneyo ndi ya chitenje chathunthu achemwali.

Nachisale: Nenani alamu. Ine ndinachita kuona ndi maso anga chigamba cha chitenje changa cha chinkhoswe pachikwama cha mayi wina mu chapa (minibasi) ya ku Tete. Chonsecho telala anandiuza kuti sipanatsale kanthu 😂

Nangozo: Ndiyankhuleko ine amene ndimakhala pamakina. Nsalu ndi yaulere inde, koma mukulipira ntchito. Diresi timadula zidutswa zikuluzikulu, kulumikiza, basi. Zigamba pamafunika kusankha mitundu yogwirizana, kudula tofanana, kulumikiza kamodzikamodzi, ndipo msoko uliwonse uusite usanasoke wina, apo ayi chikwama chimapotoka. Pa makina a Butterfly opalasa ndi phazi limakuthera tsiku. Ulusi, zipi ndi nsalu ya mkati nzogulanso.

Make Chisomo: Ndiye mukuti agule?

Nangozo: Sindinatero ayi. Ayambe achitembenuza aone mkati. Ngati mulibe nsalu ya mkati, misoko ili pamtunda ulusi uli lendelende, achisiye, makiyi okha adzachibowola. Kenako aone zogwirira. Zambiri zimaduka pamenepo. Wodziwa ntchito amasoka kabokosi n'kudutsitsa mtanda pakati, kapena lamba amamuzunguliza mpaka pansi pa chikwama. Komanso a Nabanda, mukhudze zigambazo ndi zala. Zina ndi za thonje, zina ndi zija zoterera za nayiloni. Thonje limabwerera mukachapa koyamba, nayiloni sabwerera, ndiye akazisakaniza chikwama chimachita makwinya osatheka ndi simbi.

Bambo Phiri: Pepani ndalowerera za azimayi. Musaiwale kuti boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo mu 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 30 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki), ndiponso loletsa kupereka mapulasitiki aulere m'masitolo. Timakobiri timene mumagulira pulasitiki tsiku ndi tsiku mukatiphatikiza pachaka, chikwamacho chadzilipira chokha.

Nachisale: Achimwene, lamulo lili papepala, kumsika akutikulungirabe tomato m'kapulasitiki. Ndipo ndani angaike usipa ndi mafuta m'chikwama cha 350? Mbatatesi ya ku Tsangano timanyamulira m'saka, imeneyo sidandaula. Chinacho ndi chopitira kutchalitchi ndi kusikelo ya mwana.

Make Chisomo: Nanga mvula ya kuno ku Angónia? Mwana wanga wa ku sekondale ndinamugulira chotere ku Dedza, makope onse anafiira. Chigamba chimodzi chinasuluka.

Nangozo: Chimenecho sanachichape asanasoke. Nyowetsani kansalu koyera mupake pa zigamba zofiira ndi zakuda pomwepo pamsika, kakasintha mtundu mwadziwa. Ine mkati ndimaika jinzi ya kalamidade (kaunjika), thalauza limodzi limakwana pansi ndi zogwirira zomwe, ndipo chimanyamula ngakhale mabuku.

Nabanda: Chimene ndinachionacho mkati munali kansalu kopyapyala koyera, zogwirira sindinaziyang'ane. Ndipitanso Loweruka ndikachitembenuze. Akakana 250 ndibwerako chimanjamanja.

Nachisale: Mukaonenso ngati mulibe chitenje changa china 😂

Nangozo: 250 akakana, musakakamize. Kunyumba kwanu mulibe zidutswa? Sonkhanitsani zanu, muzichape, muzisite, mupite nazo pamodzi ndi jinzi yakale. Mukalipira kusoka kokha. Koma mukamuuziretu kuti zotsala mukuzifuna.